Mikango ya ku Nairobi kapena njovu za ku Majete? Masamu a wobwera kumudzi pandege

Palibe ndege imene imanyamuka ku London, ku Dublin kapena ku Washington n'kudzatera ku Chileka osaima pena. Mwana wa ku Ndunde amene amagwira ntchito kunja akafuna kudzaona makolo ku Chiradzulu, amasintha ndege ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Posintha ndegepo ndi pamene pamachokera funso limene ife okonza maulendo timalimva kawirikawiri: "Achimwene, poti tikudutsa ku Nairobi komweko, anawa sangaoneko mikango?"

Angaone ndithu. Koma yankho lonse lagona pa kuwerenga maola, ndipo ntchito yathuyi ilibe matsenga ena oposa pamenepo.

Choyamba ndi tikiti. Pa maulendo a pakati pa mayiko, munthu akaima pabwalo la ndege kwa maola osakwana 24, makampani amamuwerenga ngati wongodutsa, ndipo masutikesi ake nthawi zambiri amapitirira okha mpaka kumapeto kwa ulendo. Akapyola maola 24 ndiye kuti ulendo waudula pawiri: mtengo umawerengedwa mwamtundu wina, misonkho ya pabwalo imawonjezeka, katundu amamutenga n'kutuluka naye. Zimenezi zimakonzedwa pogula tikiti. Wogulayo amanena poyera kuti akufuna kufika ku Nairobi Lachisanu ndi kunyamuka kubwera ku Malawi Lolemba, zonse pa tikiti imodzi.

Ena amayesa kuchenjera. Amagula tikiti wamba, amatsika ku Nairobi, ndege ya ku Malawi amaileka ipite poganiza kuti adzagula ina yotchipa pambuyo pake. Kampani ikaona kuti munthu sanakwere gawo limodzi la ulendo, imafufuta magawo onse otsala, ngakhale obwerera ku London. Nawo matikiti awiri ogula padera ali ndi msampha wake: ndege yoyamba ikachedwa, kampani yachiwiriyo sizimaikhudza, ndipo wosiyidwayo amagulanso tikiti ndi ndalama za m'thumba mwake.

Tiyerekeze banja la namwino wochokera ku Ndunde, mwamuna wake ndi ana awiri obadwira ku Mangalande. Ndege yawo yatera ku Jomo Kenyatta International Airport 6 koloko m'mawa, ndipo ina inyamuka 6 koloko madzulo. Papepala ndi maola 12. Tichotsepo ola limodzi ndi theka la pamzere wodindira mapasipoti. Tichotseponso maola atatu amene ayenera kukhala atabwerera pabwalo ndege isananyamuke, ndi maola ena awiri a pamsewu, popeza magalimoto a pa Mombasa Road akapanikizana sayenda. Otsala ndi maola asanu ndi theka. Amenewo ndi okwanira kuzungulira Nairobi National Park n'kudya nkhomaliro. Koma ndege ziwirizo zikatalikirana ndi maola 6 okha, ine ndimawauza kuti asatuluke m'bwalomo.

Nkhalango ya Nairobi inatsegulidwa mu 1946 ndipo ndi ya masikweya kilomita 117 okha, m'mphepete mwenimweni mwa mzinda. Mbali zitatu ndi zotchinga ndi mpanda, kum'mwera n'kotsegula kuti nyama zizilowa ndi kutuluka. Muli mikango, zipembere, njati, mbidzi ndi nyamalikiti zimene zimadya nsonga za mitengo nyumba zosanjikizana zikuoneka kumbuyo kwake. M'menemo ndi mmene Pulezidenti Daniel arap Moi anatenthera matani 12 a minyanga ya njovu mu 1989. Koma njovu zoyenda zokha mulibe. Wofuna Maasai Mara ayenera kupatula masiku awiri kapena atatu, ndipo tindege topita kumeneko, tonyamukira pa Wilson Airport, timalola chikwama chofewa cha makilogalamu pafupifupi 15. Banja lathu lija aliyense wanyamula masutikesi awiri a makilogalamu 23, odzaza nsapato, majekete ndi mafoni a abale. Katundu ameneyu ayenera kupezeredwa posungira, ndipo posungirapo n'polipira.

Kenako mapepala. Mu Januwale 2024 dziko la Kenya linayamba kufuna chilolezo chopempheratu pa intaneti chotchedwa eTA. Malamulo ake kwa nzika za mayiko a mu Africa akhala akusinthidwa, choncho mayi wa pasipoti ya Malawi ndi ana ake a pasipoti ya Britain angathe kufunsidwa zosiyana pa kauntala imodzi. Chimene ambiri amaiwala ndi khadi yachikasu. Kenya ndi Ethiopia ali m'gulu la mayiko kumene kumapezeka matenda a yellow fever, ndipo Malawi ndi South Africa amafuna umboni wa katemera kwa munthu wochokera kumeneko, ngakhale amene wangokhala pabwalo la ndege kupyola maola 12. Katemerayu amayamba kuwerengedwa pakatha masiku 10 chibayireni, ndipo kuyambira mu 2016 kubaya kamodzi n'kokwanira moyo wonse. Woganiza zokaona mikango kutatsala sabata imodzi wachedwa kale.

Ku Johannesburg nkhani ya katemerayu palibe kwa wochokera ku Ulaya, ndipo wa pasipoti ya Malawi amaloledwa kucheza masiku 30 popanda viza. Nkhalango imene timatumizako anthu ndi Pilanesberg, pafupi ndi Sun City, ulendo wa maola atatu pagalimoto kuchokera pa O.R. Tambo. Inatsegulidwa mu 1979, kulibe malungo, ndipo nyama zikuluzikulu zonse zilimo. Kruger ili kutali, maola asanu kapena kuposerapo pamsewu. Ku Addis Ababa, Ethiopian Airlines imapereka hotela kwa ambiri odikira ndege yake pakati pa maola 8 ndi 24, koma amenewo ndi maola ogona ndi kusamba, si oonera nyama.

Masamu onsewa akatha, mabanja ambiri a ku Chiradzulu ndimawabwezera kwawo komwe. Nyama zimene akufuna kukazilipirira madola ku Kenya zili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kuchokera mu Blantyre.

Majete, m'boma la Chikwawa, ndi nkhalango ya masikweya kilomita 700. Pofika m'ma 1990 opha nyama mozembera anali atamaliza njovu zonse, ndipo anthu amene anachoka m'dziko muno nthawi imeneyo amakumbukira tchire lopanda kanthu. Mu 2003 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa malowa. Zipembere zinabwera chaka chomwecho, njovu mu 2006, anyalugwe mu 2011, mikango mu 2012, nyamalikiti mu 2018, ndipo mimbulu mu 2021. Njovu zinaswana mpaka kuchuluka, kotero kuti mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 za ku Majete ndi ku Liwonde zinasamutsidwira ku Nkhotakota pa malole. Kumalire a nkhalangoyi kuli mathithi a Kapichira, amene anatsekereza sitima ya David Livingstone mu 1859, ndipo lero amatipatsa magetsi. Mwana wa sukulu ya ku Manchester amaona mkango, mbiri ndi gwero la magetsi a ku Limbe tsiku limodzi.

Liwonde ndi ya kumtunda, m'boma la Machinga. Wochokera ku Chiradzulu amalowa msewu wa Zomba, kudutsa Namadzi, Thondwe ndi Domasi. Nkhalangoyi inakhazikitsidwa mu 1973, ndi ya masikweya kilomita 548, ndipo African Parks inayamba kuiyendetsa mu 2015. Mikango inabwezeredwamo mu 2018, ndipo mu 2019 munafika zipembere 17 kuchokera ku South Africa. Chimene Nairobi ndi Pilanesberg alibe ndi mtsinje wa Shire. Cha m'ma 4 koloko madzulo woyendetsa boti amachepetsa injini pafupi ndi bango. Mvuu zimatulutsa makutu ndi mphuno zokha, kupemerera madzi, n'kumiranso. Ng'ona imene imaoneka ngati chipika pamchenga imatsetserekera m'madzi boti likayandikira. Njovu zimatsika pakati pa migwalangwa kudzamwa, tiana tili pakati pa miyendo ya amayi awo, ndipo nthawi zina gulu lonse limaoloka mtsinje zitamba zili m'mwamba. Nkhwazi imakhala pa nthambi youma, kuponya mutu chagada ikamalira.

Anthu amadabwa ndikawauza kuti usiku umodzi sukwana. Chifukwa chake n'chakuti nyama zimayenda m'mamawa ndi madzulo. Dzuwa likakwera zimabisala m'mithunzi. Magalimoto oonera nyama amanyamuka kukungocha, kenako cha m'ma 3 kapena 4 koloko masana. Wotera pa Chileka masana sangaupeze ulendo wa madzulowo, ndipo si nzeru kutsika zitunda za ku Thabwa popita ku Majete mumdima ndi dalaivala wotopa, podziwanso kuti zipata za nkhalango zimatsekedwa dzuwa likamalowa. Akagona kamodzi amangoyenda ulendo wa m'mawa basi. Akagona kawiri amayenda maulendo atatu, ndipo mwayi wokumana ndi mkango kapena chipembere umakula, ngakhale palibe woperekeza alendo woona mtima amene angalonjeze nyalugwe.

Nyengo nayo ili ndi mawu. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala udzu umauma, madzi amachepa, nyama zimasonkhana kumtsinje ndi m'zithaphwi zotsala. Tchuthi cha ana a ku Ulaya cha Julaye ndi Ogasiti chimagwera bwino pamenepa. Mu Okutobala ndi Novembala nyama zimaoneka kwambiri, koma kutentha kwa ku Chigwa cha Shire kumafika madigiri 40. Obwera pa Khirisimasi amapeza tchire lobiriwira, mbalame zochuluka ndi tiana ta nswala, koma udzu wautali umabisa mikango ndipo misewu ina ya m'nkhalango imatsekedwa. Anthu a ku Chiradzulu safunika kukumbutsidwa zimene namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023, ndipo namondwe Ana anaononga damu la Kapichira ndi msewu wa ku Chikwawa mu Januwale 2022. Miyezi imeneyi ulendo umafunika tsiku lapadera loyembekezera zagwamwadzidzi.

Pa chipata mitengo imakhala itatu: ya Amalawi, ya alendo okhala m'dziko muno, ndi ya ochokera kunja, imene imawerengedwa m'madola. Amalawi amalipira zochepa kwambiri, koma pamafunika chiphaso cha unzika kapena pasipoti ya Malawi. Kulankhula Chichewa kapena Chilomwe chabwino sikukwanira. Wofuna kusunga ndalama angalowe m'mawa ndi galimoto yake n'kutuluka madzulo, kapena kugona m'matenti m'malo mwa malo ogona apamwamba ngati Mkulumadzi ndi Mvuu. Za malungo si zoseweretsa: ana obadwira kunja alibe chitetezo chilichonse, ndipo cha makolo awo chimatha akakhala zaka kunja, choncho mankhwala oteteza ayambidwe asananyamuke monga dokotala wanenera. Zovala zakuda ndi zabuluu wakuda zimaitana akashembe.

Chovuta kwenikweni si ndege kapena chipata, koma kalendala ya kumudzi. Banja likati liyambire ku Majete likangotera, ndiye kuti amalume amene abwereka minibasi kudzalandira alendo pa Chileka abwerera okha ku Ndunde, ndipo nkhani imeneyo idzakambidwa zaka. Likati "tiona tikafika," masiku amatha osadziwika: lero kukaona manda a agogo aamuna, mawa chinkhoswe cha mdzukulu, Lamlungu kutchalitchi, mkuja maliro m'mudzi woyandikana, kenako kukagula malata ku Limbe. Ndalama nazo zimatha ndi mafizi ndi feteleza wa abale. N'chifukwa chake malo ogona kunkhalango amalipiridwa banja lisananyamuke kunja, ndipo masikuwo amanenedwa kwa mwini mbumba tsiku lofika lomwelo: "Amalume, Lachitatu la sabata yomaliza tikupita ku Liwonde, ndipo agogo tikuwatenga."

Kuwatenga agogo kumathetsa madandaulo ambiri. Amayi ambiri achikulire a ku Ndunde akhala moyo wawo wonse pa mtunda wa maola ochepa kuchokera ku Majete ndi ku Liwonde, koma njovu amangoidziwa m'nthano ndi pa zithunzi. Ulendo wa paboti suwavuta ngati wa pagalimoto yogwedeza, ndipo mpando wawo pa mtengo wa Amalawi sufika n'komwe pa zimene banja likadalipira pa galimoto ya tsiku limodzi ku Nairobi.

Pa tchuthi cha masabata atatu mu Ogasiti, dongosolo limene ndimalemba kawirikawiri ndi ili. Masabata awiri ndi theka oyamba ndi a kumudzi. Lachitatu m'mawa banja linyamuka ku Ndunde kuti likafike kunkhalango nkhomaliro isanakwane, n'kupeza ulendo wa madzulo. Lachinayi lonse ndi la nyama. Lachisanu, ukatha ulendo wa m'mawa, galimoto ibweza agogo kumudzi, itenga masutikesi ndi thumba la ufa ndi nandolo zimene alendo apatsidwa. Usiku womaliza agona mu Blantyre, kumene Chileka ili pa makilomita 16 okha, ndipo Loweruka akafika pabwalo kutatsala maola atatu kuti ndege inyamuke.