WODWALA SHUGA ASANYOZERE ZOŴAŴA ZA M'MIMBA

M'midzi ya m'mbali mwa nyanja ku Salima, kuyambira ku Senga Bay kufikira ku Chipoka, matenda a shuga si achilendonso. Koma pali chizoloŵezi choopsa. Wodwala akayamba kuwonda, kukhuta msanga kapena kusanza, amangoti ndi shuga yemweyo, kaya mankhwala a metformin amene amamwa. Chonsecho zizindikiro zomwezi zimaonekanso pamene chotupa cha khansa chikumera m'chifu.

Nthaŵi zambiri gwero la chotupachi ndi kachirombo ka Helicobacter pylori, kamene madokotala a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anakatulukira m'chaka cha 1982. Fodya, kachasu ndi zakudya zamchere wambiri, monga nsomba zoumika ndi mchere, zimawonjezera ngoziyo.

Chotupachi chimayambira pa kakhungu kam'kati mwa chifu. Dokotala amachiona poloŵetsa kukamwa kapaipi kofeŵa kokhala ndi nyali ndi kamera, kotchedwa endoscope. Ku Japan, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, madokotala anapeza njira yosenda chotupa chaching'ono ndi kampeni kodzera m'kapaipi komweko, osang'amba pamimba. Njirayi imatheka pokhapokha chotupa chisanazike mizu. Chikaloŵerera, pamafunika opaleshoni yochotsa mbali ya chifu kapena chifu chonse. M'mera mpoyamba.

Muno m'Malaŵi kapaipika kamagwira ntchito makamaka younika ndi kutapa kanyama kokapima. Wodwala amayambira ku chipatala chaching'ono, natumizidwa ku chipatala cha boma cha Salima, kumene amapatsidwa kalata yopita nayo ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100.

Munthu wa shuga ayenera kukonzekera mosamala koposa anzake. Pounika, chifu chiyenera kukhala chopanda kanthu, choncho wodwala sadya kwa maola 6 kapena kuposerapo. Koma kumwa glibenclamide kapena kubaya insulin osadya kungagwetse shuga mpaka munthu kukomoka. Ndiponso mwa odwala ena shuga amafooketsa mitsempha ya chifu, chakudya n'kumachedwa kutsika. Chilonda nachonso chimachedwa kupola shuga akakwera.

Pa chifukwa ichi wodwala aonetse dokotala buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse, ngakhale aspirin, amene amachititsa magazi kuchedwa kuundana. Asasiye kapena kuchepetsa mankhwala mwa nzeru zake. Apemphe kuunikidwa m'maŵa ndipo apite ndi womuperekeza. Akamva kunjenjemera, thukuta kapena chizungulire ali pamzere, auze namwino msanga.

Wosanza magazi, wochita chimbudzi chakuda bii, kapena wovutika kumeza asadikire tsiku lokatenga mankhwala a shuga. Apite ku chipatala tsiku lomwelo.