KONA: LIU LIMODZI, NCHITO ZAMBIRI

Mlendo wocokera ku Katete kapena ku Petauke akafika mu Lusaka nafunsa njira ya kwa mbale wace ku Kanyama, kawiri-kawiri amuyankha kuti: "Mukafika pakona mukhotere kumanja." Liu limeneli ndi la Cingerezi, ndipo gwero lace ndi liu la Cilatini lotanthauza nyanga. Ife tiri nalo lathu, ngodya, koma m'makomboni limveka mwa apo ndi apo.

Makolo athu sanavutike nalo, pakuti nyumba yozungulira iribe ngodya. Linadza ndi nyumba za mbali zinai, zimene ambiri azicha folokona kufikira lero.

M'tauni kona ndiyo keyala. Tinjira tambiri ta ku George ndi ku Chawama tiribe maina, motero munthu alondolera mnzace ndi kona ya pa kantemba kapena ya wogulitsa makala. Kwa dalaivala kona ndi pokhota pa mseu, ndipo aliyense amene anadutsa pa Manenekela pobwera kuno adziwa cifukwa cace basi yonse imakhala cete pamenepo.

Ku mpira, kona ndi mwai umene timu ipatsidwa pamene adani aturutsa mpira kumbuyo kwa golo lao. Ku nkhonya ndi malo opumirapo, pamene wankhonya alandira madzi ndi malangizo. Lottie Mwale, amene anatenga lamba wa Commonwealth mu 1979, ndi Esther Phiri wa ku Mtendere, onse anali ndi anthu ao pakona.

Koma kona imene idanitsa anthu ndi ya poloti. Makomboni ambiri anamangidwa popanda wopima malo. Mu 1974 Boma linakhazikitsa lamulo lovomereza makomboni otere, ndipo ndi thandizo la World Bank miseu ndi mipope ya madzi zinalowa ku Chawama ndi ku George. Eni nyumba anayamba kulandira cikalata cochedwa occupancy licence, ca zaka 30. Lamulolo linalowedwa m'malo ndi lina mu 2015, koma zikalatazi zikali kuperekedwa ndi khonsolo.

Apa ndi pamene m'zathu wa kumudzi afunika kuchera khutu. Cikalata cimeneci cimulola munthu kukhala pa nthaka pamene paima nyumba yace ndi pabwalo poizungulira. Siciri ngati taitolo, imene makona ace anapimidwa ndi kuzikidwa zizindikiro za simenti. Wogulitsa angakulozereni ndi cala kuti malo acokera pa mtengo wa mango kulekeza pa cimbudzi, mawa lace woyandikana naye nadzakumba maziko pomwepo. Kumudzi mlandu wotere utha kwa a nyakwawa, amene adziwa malire a dimba liri lonse. Ku Kalingalinga, kumene malo akwera mtengo cifukwa ca masitolo a mu mseu wa Alick Nkhata, phazi limodzi la nthaka lingafikitse anthu ku khoti.

Amene afuna kugula nyumba m'komboni ayambe waona cikalata, akatsimikize dzina la mwini ku ofesi ya khonsolo, ndipo aitane anansi a mbali zonse kuti aimirire pa makona onse anai ndalama isanaturuke m'thumba.