Kodi nkhope yokongola imadyetsa?

Mu 1973, Nyumba ya Malamulo, yomwe panthawiyo inali ku Zomba, idakhazikitsa lamulo loletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi. Lamulolo lidathetsedwa mu 1993. Lero mumzinda womwewo atsikana ena amapeza ndalama povina m'mabala ndi m'madansi a oimba, ndipo nthawi zambiri maonekedwe ndiwo amayamba kuwapezetsa ganyuyo.

Zoti kukongola kumapindulitsa si nkhambakamwa. Mu 1994, akatswiri a zachuma Daniel Hamermesh ndi Jeff Biddle adapeza kuti ku America ndi ku Canada, anthu oonedwa ngati osakongola amalandira malipiro otsika ndi 5 mpaka 10 peresenti poyerekeza ndi anzawo a maonekedwe apakatikati.

Koma kwa wovina, mwayiwo uli ndi minga. Kawirikawiri alibe kontrakiti yolembedwa, amalipidwa usiku womwewo, ndipo amadalira kufupa kwa oonerera, omwe ena mwa iwo amayesa kuti akafupa agula ndi thupi lomwe. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa khalidwe lotere, ndipo chilango chake ndi K1 miliyoni ndi zaka 5 kundende. Chonsecho wovina akadandaula amadziwa kuti Loweruka lotsatira aitanidwa wina.

Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa tsankho potengera mtundu, chipembedzo, chilankhulo kapena kuti munthu ndi mwamuna kaya mkazi, koma silitchula maonekedwe. Choncho mwini bala kapena hotelo akamsiya wina chifukwa cha nkhope kapena msinkhu wa thupi, wosiyidwayo amasowa poyambira mlandu.