Osteopathy: Chithandizo cha Manja Choyang'ana Thupi Lonse

Amayi anzanga, ambiri mwa inu muli ndi ana kapena abale ku Britain ndi ku South Africa. Mukawadandaulira za msana, ena amakuuzani kuti kumeneko amapita kwa osteopath, munthu wochiza ndi manja, ndipo ena amapititsako ngakhale makanda. Ndi bwino mudziwe zomwe chithandizo chimenechi chingathe ndi zomwe sichingathe, chifukwa kusokoneza ziwirizi kungachedwetse wodwala kufika kuchipatala.

Kumene chinachokera

Anayambitsa osteopathy ndi Andrew Taylor Still, dokotala wa ku America yemwe anabadwa mu 1828. M'chaka cha 1864 ana ake atatu anamwalira ndi matenda oumitsa khosi. Nthawi imeneyo madokotala ankachotsa odwala magazi ndi kuwamwetsa mankhwala okhala ndi mercury, ndipo Still anataya nazo chikhulupiriro njira zimenezi. Mu 1874 anayamba kuphunzitsa kuti matenda ambiri amabwera mafupa akasuntha pamalo pake n'kupanikiza mitsempha. Mu 1892 anatsegula sukulu ku Kirksville, m'chigawo cha Missouri. Wophunzira wake wina, John Martin Littlejohn, anakatsegula sukulu ina ku London mu 1917.

Lero ku America omaliza maphunzirowa ndi madokotala enieni, olemba mankhwala ndi kupanga opaleshoni. Ku Britain ndi ku South Africa amagwira ntchito makamaka ndi manja, ndipo amayenera kulembetsa ku bungwe lovomerezeka ndi boma. Ku Britain lamulo lake linakhazikitsidwa mu 1993.

Ganizo la Still loti mafupa ndiwo gwero la matenda ambiri linali lolakwika. Matenda amene anapha ana ake amabwera ndi tizilombo, ndipo palibe kutikita kumene kungawachize. Koma ganizo lake lina ndi loona mpaka lero: thupi ndi limodzi, ndipo chiwalo chimodzi chikavutika zinzake zimasenza katundu wake.

Kuyang'ana thupi lonse n'kutani?

Taganizirani mayi amene bondo lamanzere likumupweteka. Mosadziwa amayamba kutsimphina n'kumalemetsa mwendo wamanja. Chiuno chimapendekeka, minofu ya m'munsi mwa msana imakungika, ndipo pakapita miyezi akudandaula msana, mwinanso khosi. Mukangomuthowa msana osaona bondo, ululu ubwereranso.

Chimodzimodzi mayi woyembekezera. Mimba ikamakula imakokera thupi kutsogolo, msana umapindika kwambiri, ndipo molumikizana mafupa a chiuno mumafewa pokonzekera kubereka. N'chifukwa chake ambiri amamva msana m'miyezi yomaliza.

Choncho osteopath samangogwira pamene pakupweteka. Amafunsa za ntchito imene mumagwira, mmene mumagonera, ana amene munabereka ndi ngozi zakale. Amakuonani mutaimirira, mukuyenda ndi mukuwerama. Kenako amatikita minofu, kuiwongola, ndi kuyendetsa pang'onopang'ono molumikizana mafupa. Nthawi zina amakankha mwachangu mpaka kumveka kulira ngati munthu akuthyola zala. Kulira kumeneko si fupa kubwerera m'malo, ndi mpweya wa m'madzi a molumikizana mafupamo.

Kwa akuluakulu

Umboni wabwino ulipo pa kupweteka kwa m'munsi mwa msana kopanda matenda ena obisika. Ululu umachepa ndipo munthu amayenda bwinoko, ngakhale phindu lake silisiyana kwenikweni ndi la mafizo. Malangizo a zaumoyo a ku Britain amavomereza chithandizo cha manja pa msana pokhapokha chikuyendera limodzi ndi masewera olimbitsa thupi. Ena chimawathandizanso khosi ndi mapewa. Tsiku limodzi kapena awiri pambuyo pake thupi limatha kuphwanya.

Osteopathy sichiza malungo, shuga, BP, mphumu, khansa kapena kusabereka. Wina akakulonjezani zimenezi, bwezani ndalama m'chikwama. Kukankha msana mwamphamvu n'koopsa kwa munthu wa mafupa ofooka, monga amayi ena amene anasiya kalekale kusamba, komanso kwa omwe akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana. Kupotoza khosi mwachangu, ngakhale sizichitika kawirikawiri, kutha kung'amba mtsempha wopita ku ubongo n'kuyambitsa sitiroko.

Nanga kwa ana?

M'zaka za m'ma 1930, William Garner Sutherland, wophunzira wina wa Still, anafalitsa njira yogwira mutu mopepuka kwambiri. Njira imeneyi ndiyo imene ena amachitira makanda olira kwambiri, osagona, kapena ovutika kuyamwa. Makolo ena amati mwana anasintha, koma kafukufuku sanapezebe umboni wokwanira woti ndi manjawo amene anathandiza. Kulira kwa m'mimba kwa khanda kumafika pachimake mwana ali ndi masabata 6 ndipo kumatha kokha akamakwana miyezi 3 kapena 4. Chilichonse chimene mwachita nthawi imeneyo chimaoneka ngati chachiza.

Apa ndikupempheni, makamaka inu agogo ndi anankungwi amene mumalangiza ongobereka kumene: musalole wina aliyense kufinya, kuumba kapena kukanikiza mutu wa khanda. Mutu umene watalika pobadwa umabwerera wokha pakangopita masiku. Liwombo limatsekeka lokha, kawirikawiri mwana akamafika miyezi 18. Likalowa m'kati, makamaka mwana akutsegula m'mimba kapena kusanza, ndiye kuti madzi achepa m'thupi: pitirizani kumuyamwitsa, mpatseni Thanzi ORS, ndipo thamangani naye kuchipatala. Likatukuka mwana ali chete, thupi litatentha, akhoza kukhala matenda oumitsa khosi aja. Musadikire kuti kuche.

Msana wosafunika kutikita

Pitani kuchipatala msanga ngati msana ukupweteka limodzi ndi chimodzi mwa izi:

Kuonda, kutentha thupi ndi kutuluka thukuta usiku. TB imagwiranso mafupa a msana, ndipo ikachedwa imapinda msana ndi kupha miyendo.

Dzanzi pakati pa miyendo, miyendo kufooka, kapena kulephera kugwira mkodzo ndi chimbudzi.

Ululu umene wayamba mutagwa kapena kuchita ngozi, kapena wosaleka ngakhale mutagona.

Kutaya magazi mutasiya kale kusamba kapena mukakhala malo amodzi ndi abambo. Khansa ya khomo la chiberekero ikakula imapweteketsa msana ndi chiuno.

Kwa woyembekezera, msana wopweteka mobwerezabwereza masiku asanakwane, kutaya madzi kapena magazi.

Mwana amene akudandaula msana masiku angapo, kapena amene msana wake ukupindika, akaonedwenso ndi dokotala.

Zimene mungachite panokha

Ngati zizindikiro zimenezi palibe, kupweteka kwa msana kochuluka kumachepa pakapita masabata ochepa. Musagone tsiku lonse, chifukwa minofu imauma. Yendaniyendani ndi kugwira ntchito zopepuka. Ponyamula ndowa kapena thumba la chimanga, pindani mawondo, katunduyo akhale pafupi ndi thupi, ndipo itanani mnzanu akusenzeni. Kumunda, muziweramuka pafupipafupi. Woyembekezera agone cham'mbali ataika pilo pakati pa mawondo. Ululu ukapitirira mwezi, pemphani kuchipatala akutumizeni kwa a mafizo. Mukafika musangoloza msana: auzeninso za bondo, za chiuno, za mimba zimene munatenga ndi za mtolo wa nkhuni umene mumasenza.