ZOFUNIKA KUDZIWA POGULA KOMPYUTA YOJAMBULIRA NYIMBO

Nyengo yokolola ikatha, alimi atalandira ndalama za cimanga, nshawa ndi soya, magulu ambiri a kwaya ndiponso anyamata oimba m'midzi ya Cigawo ca Kum'mawa amayamba kukambirana za kujambula nyimbo zao. Ena amasonkha ndalama za ulendo wopita ku situdiyo ku Chipata kapena ku Lusaka. Ena amaganiza zogula kompyuta yao kuti azijambulira pamudzi pomwepo. Ganizo laciwirili ndi labwino, koma ndalama zimene gulu lavutikira caka conse zingathere pa makina osayenera nchitoyo. Kompyuta imene ilemba bwino makalata mu ofesi ya kusukulu ingathe kulephera kunyamula nyimbo imodzi ya kwaya.

Kale ndi lero

Kujambula nyimbo m'dziko lino kunali nchito ya anthu owerengeka. M'zaka za m'ma 1950, Hugh Tracey anali kuyenda m'midzi ndi m'makomboni a kumigodi ndi makina olemera onyamulidwa pagalimoto. Alick Nkhata, amene anagwirapo naye nchito, anachuka pambuyo pake pa wailesi ya Central African Broadcasting Service mu Lusaka. M'zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda atalamula kuti nyimbo zambiri zomveka pa wailesi zikhale za m'Zambia, magulu monga WITCH ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi anaculuka. Komabe malo ojambulira anali ocepa: dB Studios mu Lusaka, Malachite ku Chingola, ndipo malekodi anali kudindidwa ndi kampani ya Teal ku Ndola kapena kunja ku Nairobi. Woimba wa ku Chadiza kapena ku Lundazi anafunika ndalama za basi, za cakudya ndi za malo ogona asanaimbe ndi liu limodzi lomwe.

Lero nchito imene inali kufuna cipinda codzaza ndi makina a tepi icitika pa kompyuta yoti munthu aika m'cola. Cotsala ndi kudziwa kusankha.

Nchito iyambe kudziwika

Funso loyamba n'lakuti: kodi cidzajambulidwa n'ciani? Kwaya imene iimba pamodzi ndi ng'oma ndi visekese ingajambulidwe ndi maikolofoni awiri, ndipo nchito yotere siilemetsa kompyuta. Koma mnyamata amene apanga nyimbo zamakono amaunjika mizere yambiri ya mau, wa ng'oma, wa gitala, wa limba ndi wa woimba aliyense payekha, ndipo zoimbira zina zimacokera m'kompyuta momwemo. Ameneyu afunika makina amphamvu koposa.

Caciwiri, ndalama zonse zisathere pa kompyuta. Ubwino wa mau ucokera kwa woimba, ku maikolofoni, ku kabokosi kolowetsera mau ndi ku cipinda. Kompyuta imangosunga ndi kukonza zimene yapatsidwa. Gulu limene lagula kompyuta yodula n'kutsala lopanda ndalama ya maikolofoni lili ngati mlimi amene wagula ngolo yatsopano alibe ng'ombe zokoka.

Ziwalo zitatu za m'kati

Ciwalo coyamba ndi purosesa, imene igwira nchito yonse yowerengera. Pa makompyuta a Windows, wogula afunefune Intel Core i5 kapena AMD Ryzen 5, ngakhalenso zoposa pamenepa. Mapurosesa a Celeron ndi Atom ndi ochipa, koma amatopa msanga mizere ya mau ikaculuka, ndipo nyimbo imayamba kudukaduka ndi kuthetheka. Dzina lakuti i5 palokha silikwanira, pakuti mapurosesa amenewa ali ndi mibadwo. Mbadwo udziwika pa nambala yotsatira dzinalo: i5-3320M ndi ya mbadwo wacitatu, ya caka ca 2012, pamene i5-8250U ndi ya mbadwo wa 8, ya caka ca 2017. Ogulitsa ena amangochula kuti "ndi i5" osanena msinkhu wake.

Nkhani ya mbadwo ili ndi cifukwa cina. Kampani ya Microsoft inatseka cithandizo cake ca nthawi zonse ca Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imavomereza makamaka mapurosesa a Intel kuyambira mbadwo wa 8. Wogula makina akale kuposa apo adziwe kuti mapulogilamu atsopano adzamusiya m'mbuyo pang'onopang'ono.

Ciwalo caciwiri ndi RAM. Imeneyi ili ngati mphasa yoyanikapo ufa: ikakhala yaing'ono, nchito icitika pang'onopang'ono ngakhale dzuwa liwale bwanji. Kompyuta ya 4 GB siiyenera kugulidwa pa nchito imeneyi. Ya 8 GB ikwanira kujambula kwaya kapena gulu laling'ono. Wopanga nyimbo za mizere yambiri afunika 16 GB. Ndi bwino kufunsa ngati RAM ingaonjezedwe m'tsogolo, cifukwa m'malaputopu ena yaocereredwa ndipo siicoka.

Ciwalo cacitatu ndi nkhokwe yosungiramo zinthu. Pali mitundu iwiri: disiki yakale imene ili ndi mbale yozungulira m'kati, ndi SSD imene ilibe ciwalo coyenda. SSD ndi yacangu, siicita phokoso, ndipo siiwonongeka msanga ndi kugwedezeka pa njinga kapena pa miseu ya mabampu. Mau amadya malo ambiri. Mzere umodzi wojambulidwa pa muyezo wa 24-bit ndi 48 kHz umatenga pafupifupi 8.6 MB pa mphindi imodzi. Motero nyimbo ya mphindi 5 yokhala ndi mizere 16 ifika pafupi ndi 700 MB, osawerengera maulendo onse amene oimba abwereza atalakwitsa. SSD ya 256 GB ndiyo yocepetsetsa, ndipo ya 512 GB ipatsa mtendere wa mumtima.

Zinthu zina zimene ogulitsa amatamanda zilibe phindu pa nyimbo. Makompyuta a masewera ali ndi ciwalo codula coonetsera zithunzi, cimene sicionjeza kanthu pa mau. Cimangodya magetsi ndi kutenthetsa makina, ndipo mafani ake akayamba kuzungulira, maikolofoni amatola mkokomo wonsewo.

Nkhani ya magetsi

Kompyuta ya patebulo ili ndi ubwino wake: pa mtengo umodzimodzi imakhala yamphamvu kuposa laputopu, ndipo ziwalo zake n'zosavuta kusintha. Koma magetsi akathima imazima nthawi yomweyo, ndipo zimene zinali kujambulidwa zingatayike. Cilala ca caka ca 2024 citacepetsa madzi m'dziwe la Kariba, ngakhale okhala m'matauni anali kukhala maola ambiri pa tsiku opanda magetsi a ZESCO. Kumidzi yambiri nthambo za magetsi sizinafike n'komwe.

Pa cifukwa ici, laputopu ndiyo yoyenera oimba ambiri a kumudzi. Ili ndi batire yakeyake, ndipo caja ya malaputopu wamba imakoka mawati 45 kufikira 65 cabe, mphamvu imene sola ya panyumba yokhala ndi batire yabwino ingapereke. Amene agwiritsa nchito sola asankhe inveta ya mtundu wa pure sine wave, pakuti mainveta ochipa amalowetsa kulira kwa "zzz" m'mau ojambulidwa. Kulira kotereku kukamveka, njira yoyamba kuyesa ndi kucotsa caja ndi kujambula ndi batire yokha. Jenereta ikhale kutali ndi cipinda cojambulira, ndipo m'nyengo ya mvula makina onse acotsedwe ku magetsi mphezi zikayamba.

Kutentha ndi fumbi la m'mwezi wa Okutobala ndi adani enanso. Laputopu isaikidwe pa bedi kapena pa citenje, cifukwa nsalu imatseka timabowo topumira. Iikidwe pa thabwa kapena pa tebulo, ndipo ikazizira ibwezedwe m'cola.

Kabokosi kolowetsera mau

Maikolofoni a m'kati mwa laputopu anapangidwira kulankhulana pa intaneti, ndipo sangakwanitse nchito ya nyimbo. Pafunika kabokosi kochedwa audio interface, kamene kalumikizidwa ku kompyuta ndi nthambo ya USB. Kabokosi kameneka kamalandira mau ocokera ku maikolofoni kapena ku gitala, kuwakuza, ndi kuwasandutsa manambala amene kompyuta imva. Mitundu yodziwika ndi monga Focusrite Scarlett ndi Behringer UMC. Kokhala ndi malo awiri olowetsera mau n'kokwanira kwa oyamba. Maikolofoni a mtundu wa condenser, amene amatola bwino mau a kwaya, amafuna mphamvu ya 48V yocokera ku kabokosiko, conco wogula aone ngati pali batani lolembedwa motero.

Kabokosi kameneka kamathandizanso pa vuto la kucedwa kwa mau. Woimba akaimba, mau amalowa m'kompyuta ndi kubwerera m'mahedifoni ake. Akacedwa kupitirira gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi, oimba ambiri amayamba kumva ngati wina akuwatsanzira m'mbuyo, ndipo amasokonezeka. Timabokosi tambiri tili ndi batani lolola woimba kudzimva mwacindunji, mau asanapite m'kompyuta. Laputopu ikhale ndi malo a USB osacepera atatu: a kabokosi, a limba ndi a disiki yosungira zinthu.

Mapulogilamu

Pulogilamu yojambulira isankhidwe kompyuta isanagulidwe, cifukwa si pulogilamu iliyonse imene iyenda pa kompyuta iliyonse. Audacity ndi yaulere, siilemetsa makina, ndipo ikwanira kujambula kwaya, ndakatulo kapena ulaliki. Reaper ingayesedwe masiku 60 popanda kulipira, ndipo ciphaso cake ca munthu wamba ndi madola 60 a ku America. FL Studio ndiyo imakondedwa ndi acinyamata ambiri opanga nyimbo zamakono. GarageBand ndi yaulere, koma pa makompyuta ipezeka pa a kampani ya Apple okha.

Makompyuta a Apple okhala ndi purosesa ya M1, imene inatuluka m'caka ca 2020, ndi ena otsatira, ndi amphamvu ndipo batire yao imakhalitsa. MacBook Air yotereyi ilibe fani, motero siicita phokoso. Koma ndi odula, RAM yao siionjezedwa, ndipo amisiri owakonza sapezeka kawirikawiri kutali ndi matauni akulu. Wokhala ku Katete kapena ku Petauke aganizire za kumene adzapita makina akafa. Mitundu ya m'maofesi monga Lenovo ThinkPad, Dell Latitude ndi HP EliteBook ndi yolimba, ndipo amisiri ambiri aidziwa.

Ogulitsa ena amalonjeza kuika "mapulogilamu onse" kwaulere. Kawirikawiri amenewa amakhala akuba, ndipo amabwera ndi mavairasi amene angaononge nyimbo zonse zosungidwa. Woimba amene safuna kuti anthu akope nyimbo zake popanda cilolezo asayambe nchito yake ndi katundu wakuba.

Kugula yogwiritsidwapo kale

Anthu ambiri amagula makompyuta amene anagwirapo kale nchito kunja, ndipo palibe colakwika ngati ayesedwa bwino. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Zolembedwa pa kapepala komatidwa pamwamba zisakhulupiriridwe. Pa Windows, munthu akadina pamodzi mabatani a Ctrl, Shift ndi Esc, pamatseguka Task Manager, ndipo pa cigawo ca Performance pamaoneka dzina lenileni la purosesa, kukula kwa RAM ndi mtundu wa disiki.

Wogula apemphe kuti caja icotsedwe ndi kuona ngati batire igwira kwa theka la ola popanda kutsika mofulumira. Ayese malo onse a USB, mabatani onse olembera ndi polowetsa mahedifoni. Aike khutu pafupi ndi makina kuti amve ngati fani ikulira. Ngati n'kotheka apite ndi munthu wodziwa, monga mphunzitsi wa makompyuta wa pasukulu ya sekondale, pakuti safunsa anadya phula. Potsiriza alandire lisiti yolembedwa nambala ya makinawo ndi masiku a citsimikizo. Kompyuta yogulitsidwa pamseu pa mtengo wotsika modabwitsa ingakhale yakuba, ndipo wogula angadzapezeke pa mlandu ku polisi.

Cipinda, kusunga ndi umwini

Cipinda ca malata ndi simenti cimabweza mau, ndipo mvula ikagwa palibe cojambulika. Nyumba ya udzu nthawi zambiri imamveka bwino koposa. Mabulangete, matilesi ndi mphasa zopacikidwa kuzipupa zimacepetsa kubwerera kwa mau popanda kuononga ndalama. Nthawi yabwino yojambula ndi imene cigayo caleka kulira ndipo ziweto zili kubusa.

Nyimbo iliyonse isungidwe m'malo awiri, m'kompyuta ndi pa disiki ina imene ikhala kunyumba ina. Makina amafa, amabedwa, amanyowa, koma oimba amene anaimba tsiku limenelo sangasonkhanitsidwenso nthawi zonse, makamaka nkhalamba zimene zisunga nyimbo za makolo.

Ngati kompyuta yagulidwa ndi ndalama za gulu, mamembala alembe m'buku lao kuti mwini wake ndi gulu, achule woisunga, ndipo agwirizane za ndalama yoikonzera ikaonongeka. Magulu amapasuka pa nkhani zotere. Opeka nyimbo afunsenso za kulembetsa nchito zao ku bungwe la ZAMCOPS, limene liteteza ufulu wa eni nyimbo m'Zambia, asanazipereke ku nyumba za wailesi monga ZNBC, Breeze FM kapena Radio Maria.

Gulu limene lapeza laputopu ya i5 ya mbadwo wa 8 kapena woposa, RAM ya 8 GB kufikira 16 GB, SSD, batire yamoyo, kabokosi ka malo awiri, maikolofoni ndi mahedifoni, lili ndi zonse zofunika poyamba. Ngati ndalama za caka cino sizikwanira zonsezi, kuli bwino kuzisunga kufikira zokolola zina kusiyana ndi kugula makina amene adzangokhala m'sutikesi.