Wamva M'mimba Ndiye Atsekula Chitseko

Mwambi uwu timaunena moseka, koma m'mabanja mwathu alimo ena amene akhala akutsekula chitseko usiku uliwonse kwa miyezi yambiri osauza munthu. Analeka kukwera basi ya ulendo wautali. Pa maliro sagona, pa ukwati sadya, ndipo pa msonkhano amasankha mpando wa kukhomo. Ife timati ayamba kunyada, chikhalirecho anzathuwo alikuzunzika ndi manyazi.

Kutsekula m'mimba kwa masiku awiri kapena atatu tonse timakudziwa. Koma kukapitirira masabata 4 mwa munthu wamkulu, kapena masiku 14 mwa mwana, kumeneko ndi kulira kwa nthenda ina yobisika, ndipo nthendayo ili ndi dzina. Mwina ndi tizilombo ta giardia tochokera m'madzi osatetezedwa, mwina likodzo la m'matumbo, TB, matenda a shuga, kapena khansa. Mwina ndi HIV imene yafooketsa thupi, ndipotu mankhwala ake akhala akuperekedwa ulere m'Malawi kuyambira 2004. Ena matumbo awo salola mkaka. Palinso pellagra, imene imagwira odya nsima yopanda ndiwo zokwanira, nidetsa khungu la m'khosi ndi la m'mikono. Nthendayi inabuka m'zaka za 1989 ndi 1990 pakati pa othawa nkhondo a ku Mozambique muno m'dziko, pamene mtedza unasowa pa chakudya chawo.

Chifukwa chake chinthu choyamba ndicho kupita kuchipatala kukayezetsa chimbudzi ndi magazi. Makapisozi ogula pagolosale sangachize nthenda yosadziwika, ndipo ena a iwo amaonjeza kutsekulako. Tikaona magazi m'chimbudzi, kuonda, kutentha thupi, maso olowa kapena mkodzo wochepa, tisadikire kuti kuche kawiri.

Chachiwiri ndicho kubwezera madzi m'thupi, pakuti chimene chimapha msanga ndi kutha kwa madzi ndi mchere. Tisungunule paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuziziritsa. Wodwala azimwako nthawi iliyonse akachokera kuchimbudzi, ndipo otsala atayidwe pakatha maola 24. Thanzi akasowa, tiike masupuni a tiyi 6 a shuga, osadzaza mosefukira, ndi theka la supuni ya mchere mu lita imodziyo. Shugayo ndiye athandiza matumbo kukoka mchere, ndipo madzi amatsata mcherewo. Tisapeputse njira imeneyi: mu 1971 Dr. Dilip Mahalanabis anapulumutsa nayo anthu ambirimbiri odwala kolera m'misasa ya othawa nkhondo a ku Bangladesh.

Chachitatu, wodwala asaleke kudya poganiza kuti m'mimba mupuma. Matumbo anjala sachira. Adye pang'onopang'ono koma kawirikawiri: phala lothira nsinjiro, mpunga, nthochi zakupsa, mbatata yophika, dzira ndi usipa. Achepetse zokazinga, tsabola ndi zakumwa zotsekemera kwambiri, ndipo mowa ausiye. Ndi nzeru kulemba m'kope chimene wadya ndi mmene m'mimba mwachitira, kuti aonetse adokotala. Mwana wa kubere apitirize kuyamwa, ndipo alandire zinc kwa masiku 10 mpaka 14.

Tsono ntchito yotsala ndi yathu a m'nyumba. Chimbudzi chikhale ndi chivindikiro, njira yake yolambulidwa, madzi ndi sopo pakhomo pake, ndi tochi pafupi ndi mphasa ya wodwala. Ana tiwaletse kuseka. Mwamuna amperekeze mkazi wake kuchipatala, mkazinso chimodzimodzi, kuti akamvere pamodzi zonena adokotala. Nthenda zina mwa izi zimachiziratu, zina munthu amakhala nazo moyo wake wonse, koma ndi chisamaliro angathe kulima, kuyenda ndi kucheza monga kale.

Owerenga okondedwa, tikamva chitseko chikulira kachitatu usiku uno, tisadzifunditse bulangeti ngati sitinamve. M'mawa timfunse mbale wathuyo mwaulemu ndi pa awiri kuti, "Kodi zimenezi zinayamba liti?"