Makina ophikira buledi: ageni awerengere kaye maola

M'mashopu ogulitsa katundu wakale wochokera kunja, ku Limbe ndi ku Lilongwe, mumapezeka timakina tonga kabokosi tophikira buledi pakhomo, ta mayina ngati Panasonic, Kenwood ndi Russell Hobbs. Munthu amangothira madzi, fulawa, mchere, shuga ndi yisiti m'chitini n'kudina batani. Makinawo amakanda okha, kudikira kuti fulawa afufume, kenako n'kuphika. Kwa mwini tiyirumu kapena mayi wa geni ya masikono, amaoneka ngati wantchito wosafunsa malipiro.

Pamene ambiri amagwa napo ndi pa nthawi. Makinawa amatulutsa buledi mmodzi yekha, wolemera pakati pa magalamu 500 ndi kilogalamu imodzi, pa maola pafupifupi atatu. Akayatsidwa 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, mabuledi ndi anayi basi, ndipo apo ndiye kuti magetsi sanathimeko. Wofuna kupikisana ndi bekale pa buledi wamba wa tsiku ndi tsiku angotsekera mpamba wake m'kabokosi.

Phindu lili pa buledi amene pagolosale sapezeka: wa mkaka, wa fulawa wabulauni, wothira mtedza kapena zipatso zouma. Uyu ndi wa maoda, wa anthu a m'maofesi ndi malo ogona alendo ang'onoang'ono, amene amalipira mtengo wokwererapo. Mwini tiyirumu nayenso angapindule, poti fungo la buledi wotentha limaitana lokha makasitomala. Makina ambiri alinso ndi batani longokanda ndi kufufumitsa, ola limodzi ndi theka, kenako munthu n'kuumba yekha mabanzi n'kuphikira mu uvuni wa makala. Komabe chitini chimangolola fulawa wa magalamu 500 kapena kuposerapo pang'ono.

Pogula, choyamba kuyang'ana ndi kachikwangwani ka kunsi. Magetsi a m'Malawi ndi a mavoti 230. Makina a ku UK amalowa bwinobwino, pulagi yake ndi yomweyi. A ku South Africa amangofuna kusintha pulagi. Koma olembedwa 110V kapena 120V ndi a ku America, ndipo akalumikizidwa mwachindunji amapsa, ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo chotani. Chachiwiri ndi kachitsulo kokandira kamene kamakhala pansi pa chitini. Pa makina akale kamasowa kawirikawiri, ndipo popanda iko makinawo ndi chidebe chabe. Wogula athiremo madzi pang'ono m'chitini aone ngati sichikudontha pansi, ndipo aumirire kuti makinawo ayatsidwe iye akuona.

Magetsi sadya ambiri: buledi mmodzi nthawi zambiri safika theka la yuniti. Choopsa ndi kuthima. Makina ena amakumbukira pamene analekezera, koma kwa mphindi zochepa zokha. Magetsi akachedwa kuyaka, ndi bwino kuchotsa fulawa wokandayo n'kumalizira pa mbaula, kapena kumudula n'kukazinga mandasi, kusiyana n'kumusiya asase.

Muyezo wodziwika ndi fulawa wa buledi magalamu 500, madzi mamililita pafupifupi 300, yisiti wouma sipuni yaing'ono imodzi, mchere sipuni yaing'ono ndi theka, shuga ndi mafuta sipuni yaikulu imodziimodzi. Pa makina ambiri madzi ndiwo amayamba, fulawa pamwamba, yisiti pomaliza, patali ndi mchere. Kuyeza ndi maso, monga amachitira akatswiri a mandasi, pano sikuthandiza. Sikelo yaing'ono ndi yofunika kuiwerengera pamtengo wa makinawo. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, makamaka ku Chikwawa, Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja, fulawa amafufuma msanga ndipo buledi amaphwa pakati. Madzi ozizira ndi kuchepetsako yisiti zimakonza vutoli.

Buledi wapakhomo alibe mankhwala osungitsa, choncho amauma pakatha masiku awiri kapena atatu. Wophika atenge kaye oda, makamaka ndi chikole, asanatsegule thumba la fulawa.